Agogo akaimirira n'kuona chidima: kayang'aniridwe ka BP ya wodwala Parkinson pakhomo

Wodwala Parkinson akagwa pabwalo, a m'nyumba amathamangira kunena kuti miyendo yamukana, poti matendawa ndi omwewo oumitsa thupi ndi kunjenjemeretsa manja. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Koma pali kugwa kwina kosachokera kumiyendo. Munthu wadzuka pa mphasa, waponya mapazi awiri atatu, m'maso mwachita chidima, mawondo alobodoka, basi ali pansi. Mukamugoneka, posakhalitsa watsitsimuka ndipo akufunsa chimene chachitika. Kumeneko ndi kutsika kwa BP poimirira, ndipo kumapezeka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa atatu alionse odwala Parkinson. Matendawo amakuyambitsa, mankhwala ake n'kukuwonjezera. Ku kiliniki BP amayeza kamodzi, munthu atakhala pa benchi, ndipo muyeso wotere umabisa vutoli. Ntchito yolivumbula ili m'manja mwa inu amene mumakhala ndi wodwalayo.

Chimene chimachitika m'thupi

Munthu aliyense akaimirira, magazi okwana theka la lita kapena kuposerapo amatsikira m'miyendo ndi m'mimba. M'mitsempha ikuluikulu ya m'khosi ndi mu mtsempha waukulu wotuluka mu mtima muli timinyewa tomwe timamva msanga kuti mphamvu ya magazi yachepa. Timadziwitsa ubongo, ubongo n'kulamula kuti mitsempha ya magazi ifinyike ndipo mtima ufulumire pang'ono. Lamuloli limafika ku mitsempha kudzera mu noradrenaline, mankhwala onyamula uthenga amene minyewa imatulutsa. Zonsezi zimatha m'masekondi ochepa, n'chifukwa chake inu ndi ine timadzuka osaganizako.

Matendawa, amene James Parkinson wa ku London anawalongosola mu 1817, amadziwika ndi kufa kwa maselo a mu ubongo opanga dopamine, mankhwala a m'thupi othandiza munthu kuyenda momasuka. Koma amawononganso minyewa yotulutsa noradrenaline, kuphatikizapo yopita ku mtima. Ndiye wodwala akaimirira, lamulo lija limafika lofooka, mitsempha imangokhala yotasuka, magazi n'kuchedwa kubwerera kumutu.

Tsopano pabwere mapilitsi. Thupi limasandutsa levodopa, mankhwala aakulu a Parkinson, kukhala dopamine. Ikafika mu ubongo imamasula thupi kuti munthu ayende, koma yotsalira m'magazi imafutukula mitsempha, imapangitsa impso kutaya mchere ndi madzi, ndiponso imachepetsa noradrenaline yochepa kale ija. Mankhwala ena otchedwa carbidopa amawaphatikiza m'piritsi lomwelo kuti achepetse zimenezi, n'chifukwa chake pa paketi pamalembedwa manambala awiri, monga 25 ndi 250. Amachepetsadi, koma samathetsa. BP imatsika kwambiri munthu akangoyamba mankhwalawa, adokotala akawonjezera mlingo, ndiponso pakatha pafupifupi ola limodzi atamwa, nthawi yomweyo imene thupi lamasuka ndipo agogo akufuna kudzuka kuti akaone mbuzi.

Choyamba, sonkhanitsani mapilitsi onse m'pepala limodzi

Onse, osasiyako: a Parkinson, a BP, a shuga, a tulo, ogula ku famase, ngakhale amene mlamu anabweretsa kuchokera ku Lusaka. Lembani dzina la chilichonse ndi nthawi imene amamwa.

Pa mankhwala a Parkinson, bromocriptine, pramipexole ndi ropinirole amatsitsa BP kuposa levodopa, makamaka masiku oyamba. Selegiline ndi amantadine amatsitsanso, ndipo amantadine amatha kutupitsa akakolo. Benzhexol, amene ambiri amawadziwa kuti Artane, satsitsa BP kwenikweni, koma amafulumizitsa mtima, amaumitsa kukamwa, amamanga m'mimba, amachepetsa thukuta ndipo nkhalamba amazisokoneza mutu.

Kawirikawiri wopalamula wamkulu sakhala m'gulu limeneli ayi. Amakhala mapilitsi amene agogo anapatsidwa zaka zapitazo BP ili yokwera, ndipo akumwabe ngakhale thupi linasintha: okodzetsa monga Moduretic, hydrochlorothiazide ndi Lasix, kapena methyldopa, nifedipine, atenolol ndi enalapril. Amitriptyline wa tulo ndi kuwawa kwa miyendo, tamsulosin wa madoda ovutika kukodza, ndi sildenafil amene abambo amagula mwakachetechete, onsewa amatsitsa BP poimirira. Musachotsepo nokha ngakhale limodzi. Ntchito yanu pano ndi kulemba basi.

Chachiwiri, yezani atagona, kenaka ataimirira

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Mukufunika makina oyezera BP a pamkono, a mabatire, kope ndi cholembera, ndi munthu wachiwiri woima pafupi. Makina a pamkono wam'mwamba ndi odalirika kuposa omanga pamfundo ya dzanja. Ngati kugula kwavuta, abale asonkhe, kapena pemphani anesi a pa kiliniki yanu kuti ayeze mwanjira imeneyi tsiku limene mwapitako.

Agonekeni chagada mphindi 5, osalankhula, osatembenukatembenuka. Mangani lamba pa mkono wosanjenjemera kwambiri, chifukwa kunjenjemera kumasokoneza makina. Yezani, ndipo lembani manambala onse atatu: yam'mwamba, yam'munsi ndi ya kugunda kwa mtima. Lamba musamumasule. Athandizeni kudzuka mpaka aime chilili, mkono mutaugwirizira pa msinkhu wa chifuwa, usalendewere. Pakatha mphindi imodzi yezani, pakatha mphindi 3 yezaninso. Nthawi yonseyi afunseni kuti, “Agogo, mukumva bwanji m'mutu?” ndipo lembani mawu awo mmene awanenera. Akanena kuti akuona chidima kapena mukaona akupendama, akhazikeni pansi pomwepo, muyeso ulekeni. Mulembe kuti sanathe kuima mphindi 3, pakuti chimenechonso ndi chotsatira chimene adokotala akufuna kuchidziwa.

Chitani zimenezi kanayi pa tsiku kwa sabata imodzi: m'mawa akangodzuka asanamwe kanthu, pakatha ola atamwa levodopa, pakatha ola atadya nsima ya masana, ndiponso usiku pogona, pamene muyeso wa chigonere wokha ndi wokwanira. Ikatha sabatayo musapitirize kuyeza tsiku lililonse, mungamuchititse mantha wodwala pachabe. Mudzabwerezenso mankhwala akasinthidwa kapena chizungulire chikachuluka.

Chachitatu, werengani manambala

Chotsani nambala ya chilili pa nambala ya chigonere. Yam'mwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa, kapena yam'munsi ikatsika ndi 10 kapena kuposa, mkati mwa mphindi 3, vuto lija lilipo. Tinene kuti atagona munapeza 150 pa 90, ataimirira 118 pa 74. Munthu wongoona 118 pa 74 anganene kuti BP ili bwino kwabasi, chonsecho yagwa ndi 32.

Kenaka yang'anani mtima. BP ikagwa chotere koma mtima n'kungowonjezera kugunda pang'ono, kosafika 15 pa mphindi, monga kuchoka pa 72 kufika pa 76, ndiye kuti minyewa ija ndi imene yafooka. Mtima ukathamanga kwambiri, kuchoka pa 72 kufika pa 100, minyewa ikugwira ntchito koma thupi likusowa china: madzi achepa, magazi achepa, mapilitsi okodzetsa achuluka, kapena pali malungo ndi kutsegula m'mimba. Vuto la mtima wothamangali limakonzeka msanga, choncho musalinyalanyaze. Koma dziwani kuti atenolol ndi propranolol amagwira mtima kuti usathamange, ndipo propranolol ena amapatsidwa chifukwa cha kunjenjemera komweko. Amene akumwa amenewa, nambala ya mtima singakuuzeni zoona.

Si onse amamva chizungulire. Ena amangodandaula kuti khosi ndi mapewa zikuwawa akaima, n'kuleka akagona. Ena amatopa, amayankha mochedwa, maso ali gwa, a m'nyumba n'kumati ukalamba wafika kumutu. Enanso samva kalikonse mpaka atagwa. Kope lija likuthandizani kuona ngati zimenezi zikugwa pa nthawi imene manambala atsika.

Palinso msampha wina. Pafupifupi theka la anthu a vutoli BP yawo imakwera akagona chagada, kupitirira 140 pa 90, ena mpaka 180. Minyewa yolephera kukweza BP poimirira imalepheranso kuitsitsa pogona. Munthu wotere akagonekedwa m'chipatala n'kuyezedwa ali pa bedi, amaoneka wa BP yokwera, amawonjezeredwa mapilitsi, n'kukagwa kunyumba. Ine ndimaona kuti muyeso wa chilili uyenera kumachitika kwa wodwala Parkinson aliyense asanalembedwe mankhwala a BP, ndipo wosamalira ali ndi ufulu woupempha mwaulemu.

Chachinayi, sinthani kadzukidwe ka m'mawa

M'mawa ndi nthawi yoipitsitsa, poti usiku wonse impso zakhala zikutaya madzi. Botolo la madzi la theka la lita ligone pafupi ndi bedi. Akadzuka akhale tsonga, amwe madzi onsewo mofulumira, m'mphindi zitatu kapena zinayi, osati mopsontha. Madzi omwa chotere amakweza BP pakapita mphindi 5 mpaka 10, ndipo mphamvu yake imakhala pafupifupi ola. Ayenera kukhala madzi enieni. Akatero akhale m'mphepete mwa bedi miyendo ili pansi, agwedeze mapazi m'mwamba ndi pansi, afumbate manja, ndiyeno aime atagwira chinthu cholimba, ndipo asaponye phazi mpaka m'mutu mutayera. Ogona pansi ali ndi ulendo wautali kuposa ogona pa bedi: akhale tsonga, agwade, akhale pa mpando, kenaka aime.

Chimbudzi cha dzenje n'choopsa kwa munthu wotere. Kunjuta nthawi yaitali, kudzikakamiza chifukwa cha kumangika m'mimba, kenaka kudzuka mwadzidzidzi, zonsezi zimagwetsa BP. Zikani mtengo wolimba wogwirira m'chimbudzimo kapena ikani mpando wobowola pakati, ndipo chitseko asamakhome. Usiku abambo akodzere m'chidebe atakhala pansi, asamatuluke kukaima kuseri kwa nyumba. Posamba akhale pa mpando, madzi akhale ofunda chabe, chifukwa otentha kwambiri amafutukula mitsempha ya pakhungu.

Chachisanu, gawani nsima

Munthu akadya, magazi ambiri amapita ku matumbo, ndipo chakudya chokhutitsa monga nsima, mpunga, mbatata ndi zotsekemera chimakoka ochuluka. Kwa wodwala Parkinson BP imatha kugwa kuyambira mphindi 30 mpaka maola awiri atadya. Mitanda itatu ya masana igaweni: umodzi masana, wina chakumadzulo, ndi tizakudya tina pakati. Ndikudziwa kuti kwathu kuno kupatsa mkulu mtanda umodzi kumaoneka ngati kumumana, ndipo alongo ake akabwera kudzazonda adzalankhula. Afotokozereni kuti chakudya cha tsiku lonse n'chomwecho, mwangochigawa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Akadya akhale pa mpando wotsamira, asanyamuke ulendo wa kudimba.

Ndiwo za nyama, nsomba, mazira, nyemba ndi mkaka zimalimbana ndi levodopa polowa m'thupi, choncho amwe mapilitsi mphindi 30 asanadye kapena ola limodzi atadya. Akamachita nseru, kanthochi kapena kabuledi n'kokwanira kutsikitsira. Mapilitsi owonjezera magazi a ayironi nawonso amatsekereza levodopa, musamwetse nthawi imodzi. Mowa, kaya ndi chibuku kaya kachasu, umafutukula mitsempha ndi kukodzetsa, ndipo pa matendawa ulibe malo.

Chachisanu ndi chimodzi, madzi, mchere ndi dzuwa

Pa tsiku amwe madzi okwana malita awiri, ambiri m'mawa ndi masana, ochepa dzuwa likalowa. Odwala ambiri amadzimana madzi dala poopa kukodza pafupipafupi, ndipo sanena. Thirani madzi a tsiku lonse m'chigubu chawochawo kuti madzulo muone chatsala. Mu Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe, muno mu Chipata kumatentha, koma kuchigwa cha Luangwa, ku Mambwe ndi ku Mfuwe, ndiye kumaotcha zenizeni. Miyezi imeneyi ntchito ndi maulendo zichitike dzuwa lisanakwere, ndipo amene akumwa benzhexol asamalidwe koposa poti thukuta lawo silituluka mokwanira. Akatsegula m'mimba kapena kusanza, yambani ORS tsiku lomwelo ndipo pitani ku kiliniki.

Mchere umathandiza kusunga madzi m'thupi, ndipo adokotala ena amalangiza kuwonjezera. Koma umenewu si uphungu wotenga kwa mnzanu. Wa mtima wofooka, wa impso, wotupa miyendo, kapena amene BP yake imakwera kwambiri akagona, mchere ungamupweteke. Funsani kaye.

Kuima malo amodzi n'koipa kuposa kuyenda, chifukwa poyenda akatumba a miyendo amakankha magazi kubwerera kumtunda. Ganizirani malo amene anthu athu amaima nthawi yaitali: pa nyimbo za kutchalitchi, kumanda, pa mzere wa feteleza, pa Kulamba ku Mkaika kapena pa Nc'wala ku Mtenguleni. Tengani kampando, amwe theka la lita lija asanaime, ndipo akulu a mpingo auzidwe kuti agogo aziimba atakhala. Ngati kuima sikungapeweke, apingase miyendo n'kufinya ntchafu ndi matako, kapena anyanyamphire kangapo. Kumanga pamimba kumathandizanso, poti magazi ambiri amadikha m'mimbamo. Malamba opangira zimenezi alipo, koma chitenje chopinda n'kumanga zolimba, monga amangira mayi amene wangochira kumene, chimayesako. Amange asanadzuke, amasule akafuna kugona.

Chachisanu ndi chiwiri, kwezani kumutu kwa bedi

Ikani njerwa pansi pa miyendo iwiri ya kumutu kuti kukwere masentimita 15 mpaka 20. Thupi lonse lipendekeke, mapilo okha sathandiza chifukwa amangopinda khosi. Wogona pa mphasa mungamuyalire pa chitseko chakale chotsamiritsa pa njerwa. Kugona chotere kumachepetsa BP ya usiku ndi mkodzo wa usiku, ndiye m'mawa thupi limadzuka lili ndi madzi ambiri. Masana asamagone chagada ngati manambala a chigonere ali okwera, apume atatsamira.

Akakomoka

Agonekeni pansi chagada pomwepo, miyendo muikweze pa mpando kapena pa thumba la chimanga. Musawadzutse, musawatsamiritse kukhoma, musawathire madzi m'kamwa asanatsitsimuke. Kuwagwira chilili anthu awiri uku ndi uku, monga timachitira pamaliro, kumangochedwetsa magazi kufika ku ubongo. Akasanza atembenuzireni chammbali. Akatsitsimuka agone kaye mphindi zingapo, akhale tsonga, amwe madzi, ndipo mulembe m'kope nthawi yake, chimene anadya ndi mapilitsi amene anamwa.

Thamangirani kuchipatala ngati sanatsitsimuke pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri, ngati amenyetsa mutu, ngati akumva kuwawa pachifuwa kapena kubanika, ngati kamwa yapotoka, mbali imodzi yafooka kapena mawu sakumveka, ngati chimbudzi chili chakuda bii kapena cha magazi, ndiponso ngati akomoka ali chikhalire kapena chigonere. Zimenezi si za kuimirira chabe.

Pomaliza, pitani ndi kope ndi mapilitsi kwa adokotala

Yambani pa kiliniki yanu, ndipo ngati pafunika akutumizani ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete, ku Mwami kapena chipatala cha boma lanu. Madokotala a minyewa ndi ubongo ambiri ali ku UTH ku Lusaka, kumene anayamba kuwaphunzitsa mu 2018. Musangonena kuti, “Agogo amamva chizungulire.” Tsegulani kope munene kuti, “Adokotala, atagona ndi iyi, ataimirira ndi iyi, ndipo imagwa kwambiri pakatha ola atamwa mapilitsi a m'mawa.” Kulankhula kotere kumafupikitsa ntchito.

Kawirikawiri adokotala amayamba ndi mankhwala ena aja, kuchotsa okodzetsa kapena kusuntha a BP kuti azimwedwa usiku. Amayeza magazi ndi shuga, poti shuga nayenso amawononga minyewa yomweyi. Kenaka amaona a Parkinson: kuchepetsa bromocriptine kapena pramipexole, kapena kugawa levodopa kuti azimwa pang'onopang'ono kangapo. Zikakanika pali mankhwala okweza BP. Fludrocortisone amasunga mchere ndi madzi m'thupi, koma amatupitsa miyendo ndi kuchepetsa potaziyamu, mchere wina wofunika m'magazi. Midodrine amafinya mitsempha, ndipo samwedwa kutatsala maola ochepera 4 kuti munthu agone. Onse awiri amakweza BP ya chigonere, choncho kuyeza kwa usiku kuyambirenso. Nseru ikavuta, kumbutsani aliyense wolemba mankhwala kuti wodwalayu ali ndi Parkinson, chifukwa metoclopramide, prochlorperazine, chlorpromazine ndi haloperidol amatsekereza dopamine ndipo amaumitsa thupi kwambiri.

Ena amva kuti nyemba za kalongonda ndi mbale wake chitedze zili ndi levodopa. N'zoona, ilimo. Koma mulibe carbidopa, ndipo kuchuluka kwake kumasiyana malinga ndi mbewu ndi kakonzedwe, moti simungadziwe mlingo umene mwamwetsa. Kuphatikiza ufa wake ndi mapilitsi popanda adokotala kudziwa kungagwetse BP, kusanzitsa ndi kusokoneza mutu.

Chimene simuyenera kuchita ngakhale chizungulire chitavuta bwanji ndi kusiyitsa levodopa mwadzidzidzi. Thupi limatha kuuma gwa, kutentha kwambiri, munthu n'kusokonezeka, kulephera kumeza, ndipo ena amafa nazo. Ngozi yomweyi imabwera mapilitsi akangotha m'nyumba, ndipo levodopa sapezeka nthawi zonse m'mafamase athu. Yambani kufunafuna ena kutatsala a masabata awiri. Ngati anatha ndipo papita masiku angapo asakumwa, mukawapeza musayambire pa mlingo wakale uja. Funsani adokotala kuti akuuzeni poyambira, ndipo sabata yoyambayo muyezenso atagona ndi ataimirira.